Nambala ya zaka pa filimu: amaiika ndani, nanga dandaulo lipite kuti?

Filimu ya Predator: Badlands isanatuluke pa 7 Novembala 2025, okonda mafilimu a zamlengalenga ndi maloboti anali atayamba kale kukangana. Mkangano sunali pa nkhani yake, koma pa chizindikiro cha zaka. Kuyambira pa Predator yoyamba ya mu 1987, ija ya Arnold Schwarzenegger, mafilimu a chilombo chotchedwa Predator pafupifupi onse ankapatsidwa chilembo R ku America. Yatsopanoyi inapatsidwa PG-13. Ena anadandaula kuti chilombocho achifatsitsa dala pofuna ndalama za achinyamata. Opanga filimuyo anayankha kuti ndewu ilimo ndithu, kungoti omenyanawo ndi zilombo ndi maloboti, ndiye magazi ofiira a munthu saoneka.

Yankho limeneli kholo la ku Katete, Sinda kapena Vubwi lilimvetsetse: nambala ikatsika sindiye kuti zoopsa zatha. Komanso nambalazi anazikonzera nyumba zoonetsera mafilimu zokhala ndi mlonda pakhomo. Zotere zili ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 500 kuchokera ku Katete. Kuno filimu imafika pa dikoda, pa fulashi, pa memori khadi ndi pa foni, popanda wofunsa mwana kuti ali ndi zaka zingati.

Amene amaika chizindikiro

Ku America ntchitoyi ili m'manja mwa bungwe la makampani a mafilimu la Motion Picture Association, osati boma, ndipo inayamba mu 1968. Kampani ikamaliza filimu imaitumiza ku kagulu ka makolo olembedwa ntchito yoonera. Iwo amaionera yonse, kukambirana, kenako n'kuvota. Kampani ikapanda kukhutira imatha kudula zigawo zina n'kuitumizanso, kapena kuchita apilo. N'chifukwa chake kanema wamfupi woitanira anthu nthawi zina amatuluka filimu isanapatsidwe chizindikiro, okonda mafilimu n'kuyamba kulosera.

Zizindikiro zawo zilipo zisanu. G ndi ya aliyense. PG imapempha kholo kuti liyambe laganizira ngati ikuyenera mwana wamng'ono. PG-13 ndi chenjezo lamphamvu lokhudza ana osafika zaka 13, koma sikuwaletsa kulowa. R imati wosafika zaka 17 alowe ndi kholo kapena womuyang'anira wamkulu. NC-17 ndi ya akuluakulu okhaokha. PG-13 inabwera mu 1984, makolo atadandaula kuti mafilimu a Gremlins ndi Indiana Jones and the Temple of Doom anaopseza ana ngakhale anali ndi PG. Choncho madandaulo a makolo ndiwo anabala chizindikiro chimene lero chili pa Avatar, Dune ndi Black Panther.

Dziko lililonse lili ndi muyeso wake. Ku Britain bungwe la BBFC limagwiritsa ntchito U, PG, 12A, 15 ndi 18, moti The Matrix ya mu 1999, imene ku America ndi R, kumeneko ndi 15. Ku South Africa kuli Film and Publication Board, yokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1996, ndipo zizindikiro zake ndi monga A, PG, 7-9PG, 10-12PG, 13, 16 ndi 18. Pambali pa nambala amaikapo zilembo zonena chifukwa: V ndi chiwawa, L ndi mawu otukwana, S ndi zogonana, N ndi umaliseche, H ndi zoopseza, D ndi mankhwala ozunguza bongo. Zilembo zambiri mwa zimenezi ndi zomwe mumaziona pa DStv ndi GOtv filimu ikamayamba. Chilembo chimakuuzani zambiri kuposa nambala, chifukwa 16V ndi 16S ndi mafilimu awiri osiyana kutalitali.

Ku Malawi, kumene abale a ku Vubwi amakagula katundu, kuli Censorship Board yogwira ntchito pansi pa lamulo la mu 1968 loyang'anira zosangalatsa zoonetsedwa pagulu.

Nanga kuno ku Zambia?

Kuyesa mafilimu si kwachilendo m'dziko muno. M'nthawi ya atsamunda, boma la Northern Rhodesia linali ndi kagulu koonera mafilimu opita kwa anthu akuda, makamaka a m'makomboni a ku migodi, n'kumadula zimene azungu ankati munthu wakuda sayenera kuona. Muyeso unali khungu, osati zaka. Chizindikiro cha lero cholinga chake n'china: kumuuza munthu zomwe zili mkati kuti asankhe yekha ndi kusankhira ana ake.

Masiku ano nkhani ya zoonera yagawika m'maofesi angapo, ndipo wodandaula ayenera kudziwa khomo loti agogode.

Zoulutsidwa pa wailesi ndi pa wailesi yakanema zili pansi pa Independent Broadcasting Authority, mwachidule IBA, imene lamulo lake linakhazikitsidwa mu 2002 ndipo inayamba kugwira ntchito mu 2013. Ndiyo imapereka ziphaso kwa oulutsa, kuyambira makampani a madikoda mpaka mawailesi a m'madera monga Mphangwe FM ya ku Katete ndi Breeze FM ya ku Chipata. Za mafoni ndi intaneti zili ndi bungwe la ZICTA. Zithunzi ndi mafilimu olaula ndi mlandu wa kupolisi: gawo 177 la Penal Code limaletsa kuzipanga, kuzigulitsa ndi kuzionetsa. Lamulo la ana la mu 2022, Children's Code Act, limateteza mwana ku nkhanza ndi kugwiritsidwa ntchito molakwika, ndipo limaika udindo woyamba pa kholo. Malo ochitira malonda, kuphatikizapo mabala ndi tinyumba toonetsera mpira ndi mafilimu, amayang'aniridwa ndi khonsolo ya boma lanu.

Pano pafunika kusiyanitsa. Filimu ya 18 si yolaula ayi, ndipo munthu wamkulu akaionera kunyumba kwake sanalakwire lamulo. Vuto limayamba filimu yotere ikaikidwa masana m'kanyumba kodzaza ana a pulaimale amene alipira kangachepe pakhomo.

Kudandaula kwake

Ngati chokhumudwitsacho chatuluka pa wailesi yakanema kapena pa wailesi, lembani tsiku, nthawi, dzina la pologalamu ndi zimene mwaona kapena kumva. Dandaulo liyambe lapita kwa oulutsawo, ndipo likhale lolembedwa, inu n'kusunga kope lanu. Akapanda kuyankha m'masiku 14, kapena yankho likapanda kukukhutiritsani, tumizani nkhaniyo ku IBA ku Lusaka pamodzi ndi kalata yoyamba ija. Kungokalipa pa foni pologalamu ili mkati sikusiya umboni.

Ngati vuto lili pa malo oonetsera mafilimu pamsika kapena m'mudzi, yambani ndi mwini wake. Ambiri amamva akauzidwa mwaulemu kuti mafilimu a akuluakulu aziika usiku, ana atabwerera kwawo. Akakana, pitani kwa anyakwawa, ndipo ngati nkhani yakula ikafike kwa mfumu yaikulu ya dera, kaya ndi a Mbang'ombe, a Kawaza, a Nyanje kapena a Pembamoyo. Njira ina ndi ya khansala ndi komiti ya chitukuko ya m'wadi mwanu, amene angatengere nkhaniyo ku khonsolo ya Katete, Sinda kapena Vubwi. Komiti ya makolo ndi aphunzitsi nayo ili ndi mawu ngati ana akujomba kusukulu chifukwa cha mafilimu.

Koma wamkulu akamaonetsa mwana zolaula, imeneyo si nkhani yokambirana pabwalo. Pitani kupolisi, ku ofesi ya Victim Support Unit, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Mpata umene ofesi singatseke

Mafilimu ambiri amene ana athu amaonera sadutsa pa khomo lililonse mwa amenewa. Amaikidwa m'mafoni pa timashopu toikira nyimbo, n'kumayenda kuchoka foni ina kupita ina. Otchuka kwambiri ndi aja omasuliridwa m'Chichewa, ambiri ochokera ku Malawi. Pa makope otere chizindikiro cha zaka kawirikawiri sichioneka, ndipo womasulira amathiramo nthabwala zake zimene palibe bungwe linazimvapo. Filimu imene kwawo inali yoyenera mwana wa zaka 13 ikhoza kufika kuno ili ndi mawu oti simunganene pamaso pa apongozi.

Apa mlonda ndinu. Musanalole filimu m'nyumba, funsani dzina lake lenileni, mulilembe pa intaneti pamodzi ndi mawu akuti age rating, muone nambala ndi chifukwa chake. Ngati foni yanu ilibe intaneti, aphunzitsi kapena wachinyamata wodalirika angakuthandizeni. Pa dikoda ya DStv ndi GOtv pali malo otsekera mapologalamu potengera zaka. Nambala yachinsinsi imene dikoda imabwera nayo ndi 1234, ndipo ana amaidziwa, choncho isintheni. Netflix ili ndi mbali ya ana, YouTube nayo ili ndi YouTube Kids. Filimu yomasuliridwa yambani mwaionerako nokha, kapena khalani nawo anawo poonera.

Zonsezi sizikutanthauza kuti mafilimu a zamlengalenga ndi oipa. Amadzutsa chidwi cha sayansi, ndipo Zambia ili nayo mbiri yake pa maloto otere. Mu 1964 mphunzitsi Edward Mukuka Nkoloso analengeza zofuna kutumiza anthu a dziko lino ku mwezi, nkhani imene inadzakhala filimu yaifupi ya Afronauts mu 2014. Mu 2023 Netflix inatulutsa Supa Team 4, katuni yoyambitsidwa ndi Malenga Mulendema, yonena za atsikana anayi opulumutsa Lusaka wa m'tsogolo. Mwana wa ku Sinda ali ndi ufulu wosangalala ndi zotere, pa msinkhu woyenera.

Makolo, aphunzitsi ndi eni malo oonetsera mafilimu, zolowerani kuwerenga nambala ndi zilembo zake filimu isanayambe. Pamene chizindikiro palibe, funsani. Pamene lamulo laphwanyidwa, lembani tsiku ndi nthawi, mupite ku ofesi yoyenera.