Dzanja Lonjenjemera Silithetsa Luso

Woumba mbiya kapena wosema bwato m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota akayamba kunjenjemera manja, anthu amathamangira kunena kuti ndi kachasu kapena am'lodza. Ine ndikukana. Pali matenda a mu ubongo otchedwa essential tremor, amene kawirikawiri amayenda m'magazi a kumtundu. Pa matendawa dzanja limanjenjemera likamagwira ntchito, pomwe la wodwala matenda ena otchedwa Parkinson limanjenjemera likapuma. Ena ati, basi luso lathera pomwepo. Ayi ndithu: Charles Schulz, wojambula zithunzi zoseketsa zotchedwa Peanuts, manja ankamunjenjemera koma anajambulabe mpaka 1999. Kutsamiritsa chigongono, kugwira chida cholemererapo ndi kuchepetsa khofi kumathandiza. Mankhwala a propranolol amachepetsa kunjenjemerako ngakhale sachiza, koma dokotala ayambe wapima, chifukwa odwala mphumu sayenera kumwa.