Akwiya ndi zipani, koma sanataye dziko lawo

Ntchito yanga ndi yofufuza momwe anthu amavotera, ndi chifukwa chimene ena savotera. Nthawi zambiri anthu amandifunsa ngati achinyamata achisilamu a ku Britain adataya mtima pa ndale. Ambiri akamafunsa amakhala atayankha kale chamumtima kuti inde.

Ife ofufuza timalekanitsa mafunso awiri amene anthu amawasakaniza. Loyamba: kodi munthu amaona kuti olamulira amamumvera? Lachiwiri: kodi amachitapo kanthu pa za m'dera lake? Mtsikana wa ku Birmingham akhoza kuyankha ayi pa loyamba, koma Loweruka n'kumupeza akugawa chakudya kwa osowa pamzikiti kapena akusonkhanitsa anzake kuti alembere khansala za nyumba zothonya.

Kusakhulupirira olamulirako kuli ndi gwero lake. Makolo a achinyamatawa adayenda nawo zionetsero zazikulu za mu February 2003 zokana nkhondo ya ku Iraq, nkhondoyo n'kumenyedwa ndithu. Kuyambira 2015 lamulo likulamula aphunzitsi kuti aziyang'anira ophunzira amene akuoneka ngati akukopeka ndi zauchigawenga, kudzera mu ndondomeko ya Prevent. Mwana amene akudziwa kuti mawu ake m'kalasi angakamufikitse kwa akuluakulu amaphunzira kutseka pakamwa. Ine ndimaona kuti apa boma lidaononga zambiri kuposa zomwe lidateteza.

Komabe kutseka pakamwa m'kalasi sikunawaletse kuponya voti. Pa chisankho cha aphungu cha pa 4 July 2024, Asilamu anayi oima paokha adagonjetsa chipani cha Labour ku Blackburn, Dewsbury and Batley, Birmingham Perry Barr ndi Leicester South, nkhani yaikulu ili ya nkhondo ya ku Gaza. Ku Leicester South, Shockat Adam, katswiri woyeza maso amene adabadwira ku Malawi, adaposa Jonathan Ashworth wa Labour ndi mavoti 979 okha. Pomwepo mu 2019 Ashworth adapambana ndi mavoti oposa 22,000 pamwamba pa womutsatira. Mpando wotere sulandidwa ndi anthu otaya mtima; umalandidwa ndi anthu ogogoda khomo ndi khomo.

Zipani zikuluzikulu zaka zambiri zinkadalira akuluakulu a mizikiti ndi a mabanja kuti aziwabweretsera mavoti. Achinyamata obadwira m'dzikomo safunanso kuvoteredwa ndi amalume awo. Chipani chofuna voti yawo chipite chikawamvere okha.