Kalipentala amene anasula madokotala a mtima

Pa 29 November 1944, pachipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, Dr. Alfred Blalock anafuna kuti munthu wina aime kumbuyo kwake pochita opaleshoni. Munthuyo anali Vivien Thomas, mwamuna wakuda wopanda digiri. Wodwala anali kamwana ka miyezi 15 kobadwa ndi vuto la mtima: magazi opita ku mapapo ankachepa, moti milomo yake inkaoneka yabuluu chifukwa chosowa mpweya. Maganizo oti magaziwo apatsidwe njira ina anachokera kwa Dr. Helen Taussig, koma amene anayeserera kangapo konse pa agalu kulumikiza mtsempha wopita ku mkono ndi wopita ku mapapo anali Thomas. Tsikulo anakwera pakampando n'kumalangiza bwana wake posoka.

Thomas anali kalipentala wofuna kuphunzira udokotala, koma ndalama zake zinalowa m'madzi pamene chuma cha America chinagwa. Mu 1930 Blalock anamulemba ntchito mu labotale ku Vanderbilt, ku Nashville, n'kumuphunzitsa kugwira mpeni ndi singano. Mu 1941 anasamukira limodzi ku Baltimore.

Nkhaniyi si yokoma yokhayokha. Kwa zaka zambiri Thomas ankalandira malipiro a wosesa, ndipo opaleshoni ija inatchedwa ya Blalock ndi Taussig basi. Blalock anamupatsa luso, inde, koma anamumana dzina, pomwe m'masukulu a zachipatala dzina lolembedwa pa kafukufuku ndi limene limakweza munthu pantchito. Ine ndimaona kuti namkungwi wotere wagwira theka la ntchito yake.

Komabe madokotala achinyamata ankadziwa kumene kunali luso. Kumanga mfundo yosamasuka pamtsempha woonda ngati ulusi sikuphunzirika m'buku. Pamafunika wina akugwire dzanja, akudzudzule, ubwerezenso mawa. Denton Cooley, amene mu 1969 anakhala woyamba kuika mtima wochita kupanga mwa munthu, anadutsa m'manja mwa Thomas. Chimodzimodzinso Levi Watkins, dokotala wakuda amene mu 1980 anaika mwa wodwala kachipangizo kobwezeretsa kagundidwe ka mtima.

Madokotala amene Thomas anawasula anasonkha ndalama zojambulitsira chithunzi chake, ndipo anachipereka mu 1971. Yunivesite ya Johns Hopkins inachedwerapo: mu 1976 ndi pamene inamupatsa digiri yaulemu n'kumuika m'gulu la aphunzitsi a opaleshoni, atagwira kale ntchitoyo zaka 35.