Mutu 7: Kusunga nyimbo pa kompyuta yakale ya malo ochepa

Cholinga: Pomaliza mutu uno muzitha kuwerengera malo amene nyimbo imadya ndi kusankha njira yoisungira.

Nthawi ya atsamunda, Amalawi ambiri ankagwira ntchito m'migodi ya golide ya Cam and Motor ku Kadoma ndi Dalny ku Chakari, kufupi ndi Chegutu. Anabwera ndi gule wamkulu ndi nyimbo zakwawo. Agogo odziwa nyimbozi akutha pang'onopang'ono. Inu aphunzitsi, mukapempha chilolezo kwa akuluakulu n'kujambula, kompyuta yakale ikhoza kuzisunga, bola mudziwe kuwerengera malo.

Chifukwa chiyani nyimbo imadya malo?

Kompyuta siimva monga ife. Imayeza mawu kambirimbiri n'kulemba manambala. Pa CD mawu amayezedwa ka 44,100 pa sekondi, mbali ya kumanja ndi ya kumanzere, ndipo muyeso uliwonse umatenga mabayiti 2. Choncho mphindi imodzi imadya pafupifupi 10 MB, omwe ndi malo onse a hadi disiki ya kompyuta ya IBM XT ya 1983. Fulope ya 1.44 MB imadzaza m'masekondi 8, ng'oma isanakolere n'komwe.

Njira zitatu zochepetsera

1. Kujambula mbali imodzi, ka 22,050 pa sekondi, muyeso uliwonse bayiti imodzi. Fulope ija tsopano isunga mphindi imodzi, koma mawu amamveka ndi kaphokoso.

2. MP3. Njirayi, imene inakhazikitsidwa mu 1993, imataya tizigawo ta mawu timene khutu silimva bwino. Pa 128 kbps mphindi imodzi imadya pafupifupi 1 MB.

3. MIDI, ya 1983. Iyi imasunga manotsi okha, ndipo kompyuta imadziyimbira yokha. Nyimbo zambiri zimakwana pa fulope imodzi. Koma liwu la agogo ndi kalankhulidwe ka ng'oma sizilowamo, ndiye pa ntchito yathu ino si yothandiza.

Kumbukirani: zimene MP3 yataya sizibwereranso. Nyimbo ya pa wailesi mungaipezenso kwina, koma ya agogo mwina mwajambula komaliza. Isungeni kaye yathunthu pa CD musanaichepetse.

Ntchito

(a) Mwajambula nyimbo ya mphindi 4. Idya malo angati yathunthu? Nanga pa MP3?

(b) Mwatsala ndi 50 MB ndipo muli ndi nyimbo 6 zotere. Muzisunga bwanji? Fotokozani chifukwa chake.