Kodi Mumadziwa? Gemu Imene Inkabwera pa Kaseti

Inu amene mumadinadina foni pa nthawi ya buleki ku Kanengo, podikira kubwerera ku makina a fodya, kodi mukudziwa kuti mmodzi mwa agogo a magemu odumphadumpha ankakhala pa kaseti? Eetu, kaseti yomweyi imene tinkaibweza ndi bolopeni kuti timverenso Alleluya Band. Dzina la gemuyo ndi Manic Miner, ya ku Britain, ya m'chaka cha 1983.

Munkalumikiza wailesi ya kaseti ku kakompyuta kotchedwa ZX Spectrum, ka mabatani a labala, kenako kakompyutako n'kukalumikiza ku TV. Mukatero muzingodikira, kaseti ili tswiii! tswiii! kwa mphindi zingapo gemu isanatseguke. Waya ukangosuntha pang'ono, basi, yambiraninso pachiyambi.

Nanga anaipanga ndani, akatswiri a tayi m'khosi? Ayi ndithu, ndi mnyamata wa ku Wallasey, kufupi ndi Liverpool, dzina lake Matthew Smith. Anali ndi zaka 17 zokha.

Mwini nkhani ndi Willy, wogwira ntchito mumgodi. M'phanga lililonse ayenera kutola makiyi onyezimira n'kuthamangira pakhomo mpweya usanamuthere, koma pena pansi pamagumuka akangoimapo, pena lamba amamukokera chammbuyo. Mapanga onse ndi 20, zochita zitatu basi: kumanzere, kumanja, kudumpha.

Agogo athu amene anapita ku Joni pa Wenela ankaopa miyala yakugwa. Willy yekha amathawa matelefoni olusa ndi zimbudzi zoyenda, zomatsegula ndi kutseka chivundikiro. Miyoyo yake itatu ikatha, chimwendo chovala jombo chimatsika kumwamba n'kumuponda phwata!

Tsono imvani izi. Kompyutayo inkasunga makilobaiti 48 okha, ndipo mapanga onse, adani ndi nyimbo zomwe zinakwana m'menemo. M'chithunzi chimodzi cha pa foni cha 2 MB, gemu yonseyi ingalowemo maulendo oposa 40.

Mukuganiza kuti chinyengo pa gemu chayamba lero? Amene ankadziwa chinsinsi ankangodina manambala awa n'kudumphira kuphanga limene akufuna: 6031769.

Mu 1984 kunabwera Jet Set Willy. Apa Willy walemera, wachititsa phwando, ndipo Maria, mayi womusamalira nyumba, wamukaniza kukagona mpaka atatolera zinthu zonse zomwazikana m'zipinda 60. Tsoka lake, gemuyo inatuluka ndi vuto: mukalowa m'chipinda cha kudenga, zipinda zina zinkasokonezeka moti kuimaliza kunali kosatheka. Kampani yake, Software Projects, poyamba inati n'zadala, ati m'zipindamo mwadzaza mpweya wa poizoni. Kuyankha kwake kumeneko!

Kwathu kuno nanga? Pamene Willy ankayamba kudumpha, dziko lino linalibe ngakhale wailesi yakanema yakeyake: TVM inayamba mu 1999, patatha zaka 16. Ana ambiri a ku Mgona, Area 25 ndi Kawale anadziwira kudumphaku kwa Mario, pa timakatiriji tachikasu tolonjeza magemu masauzande, koma mukatsegula ndi omwewomwewo obwerezabwereza.

Ndipo Super Mario Bros ya mu 1985 ija nayonso inkaumira malo. Mitambo ya kumwamba ndi zitsamba za pansi ndi chithunzi chimodzi, anangosintha mtundu, china choyera, china chobiriwira. Munazionapo zimenezi, kapena maso anali pa makobidi okha?