Nyenyezi za katapila kuthambo la kwa Chowe

Munthu akaima pa mapiri a kwa Chowe usiku wa mwezi wa Meyi n'kuyang'ana kummwera, amaona nyenyezi zili mbuu ngati nyali za asodzi a usipa. Zimaoneka zofatsa. Koma ine ndikuti pakati pa nyenyezi zimenezo pali katapila woopsa kuposa wa mumsika.

Mumlalang'amba, kufupi ndi nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda, muli nyenyezi ziwiri zozungulirana zotchedwa Centaurus X-3. Ina ndi yaikulu zedi. Inayo ndi kanthu kakang'ono, kotalika makilomita ngati 20 okha, koma nkolemera kuposa dzuwa. Kameneka kamakoka mpweya wa inzakeyo usiku ndi usana. Mpweyawo umazungulira ngati madzi olowa mufanelo, n'kutentha mpaka madigiri mamiliyoni, kenaka n'kutulutsa X-ray, yemwe uja amatijambula naye chifuwa kuchipatala.

X-ray wakuthambo safika pansi pano chifukwa mpweya wa dziko lathu umamtchinga. Nchifukwa chake Riccardo Giacconi ndi anzake adayamba ndi roketi mu 1962. Kenaka pa 12 Disembala 1970 adaulutsa setilaiti kuchokera panyanja pafupi ndi Malindi ku Kenya. Linali tsiku lokumbukira ufulu wa dzikolo, ndiye adaitcha Uhuru.

Mu 1971 Uhuru idapeza kuti X-ray wa Centaurus X-3 amathwanima masekondi 4.8 alionse, ndipo pakapita masiku awiri amazima kwa maola angapo. Akatswiri adawerenga nthawizo n'kuzindikira kuti kanyenyeziko kamadzizungulira msangamsanga, ndipo kamabisala kuseri kwa inzake ikuluikulu ija. Palibe adakaona ndi maso. Adakagwira ndi wotchi ndi masamu basi. Mu 2002 Giacconi adalandira mphotho ya Nobel.

Apa mpomwe pagona nkhani yanga. Inu amalonda, mwana akakuuzani kuti akufuna kuphunzira physics, musamufunse kuti "udzadya nyenyezi?" Masamu ogwirira nyenyezi ndi omwewo oyendetsera makina a kuchipatala. Lero ku South Africa kuli makina oonera kuthambo a SALT ndi MeerKAT, ndipo amafuna ana odziwa masamu.

Inu ana asukulu, Uhuru idanyamukira ku Africa kuno koma oipanga adali a ku America. Ikubwerayo adzapanga ndani?