Chitopa m'Khola, Yisiti m'Chigubu

Chaka ndi chaka, dzuwa likayamba kuswa mtengo pakati pa Ogasiti ndi Novembala, misika ya kumidzi imadzaza nkhuku zotsika mtengo. Eni ake amakhala atamva kuti kutsidya kwagwa chitopa, ndiye amathamangira kupezapo kangachepe zisanafe. Pakapita milungu ingapo mango amapsa, ndipo pakhomo pomwe paja khola langoti zii, pansi pa mtengo pamakhala mulu wa zipatso zowola zoti ngakhale ana atopa nazo. Zonse ziwirizi ndi ntchito ya tinthu tosaoneka ndi maso. Kena n'kofunika kukatsekera kunja, kena n'kofunika kukaitana ndi kukasamala bwino.

Chitopa, chomwe ena amati chideru, chimayamba ndi kachilombo ka mtundu wa vairasi. Akatswiri anachizindikira m'chaka cha 1926 pachilumba cha Java ku Indonesia ndiponso ku Newcastle upon Tyne ku England. Aliyense woweta amachidziwa: nkhuku imangoti ndwii, mapiko ali lende ngati yavala jekete, chitosi chobiriwira, kupuma mobanika, ina khosi kupotoka. Chikalowa m'mudzi wosatemera chimatha kusesa pafupifupi khola lonse m'masiku ochepa.

Chitopa chimayenda ndi anthu. Chimakwera njinga m'chitete cha wogula nkhuku, chimabwera ndi thadzi lopatsidwa kuchibale, chimamatirira kunsapato yoponda zitosi. Nkhuku yodwala ikaphedwa, matumbo ndi nthenga n'kutayidwa kudzala, galu amazikokera pakhomo pa mnzanu. N'chifukwa chake nkhuku yachilendo iyenera kukhala payokha milungu iwiri isanasakanikirane ndi zinzake, ndipo yakufa ikwiriridwe mozama kapena itenthedwe.

Mankhwala ochiza chitopa palibe. Tsabola wosinja, phulusa, makapisozi a anthu osungunula m'madzi, zonsezi anthu amazitama chifukwa pa nkhuku khumi imodzi imapulumuka yokha, ndiye ulemu umapita kwa tsabola. Chomwe chimagwira ntchito ndi katemera. Wodziwika kumidzi ndi wa I-2, amene anapangidwa ku University of Queensland ku Australia, ndipo kuno amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe. Ubwino wake ndi woti amapirirako kutentha, choncho wotemera amatha kuyenda naye atakulunga botolo m'kansalu konyowa, m'dengu, pamthunzi. Kadontho kamodzi m'diso n'kokwanira, kaya ndi tambala kaya mwanapiye wa dzulo. Mphamvu yake imatha pakapita miyezi inayi, ndiye amabwerezedwa katatu pachaka, kawirikawiri mu Marichi, Julaye ndi Novembala.

Wa Julaye ndiye wosayenera kuphonya, poti ndi amene amakumana ndi nyengo yoopsa ija. Koma ndi amenenso anthu amanyozera: nkhuku zili bwinobwino, ndalama n'kuperekeranji? Amadzathamangira kwa mlangizi wa ziweto zitayamba kale kugwa. Katemera amafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti thupi limange chitetezo, ndipo nkhuku yomwe yatenga kale kachilombo imafabe. Apo m'pamene pamabadwira mphekesera yoti katemera amapha nkhuku.

Chitopa chikagonja, otsala ndi adani ooneka ndi maso, ndipo amalimbana kwambiri ndi anapiye. Thadzi lachikuda limaikira mazira 10 mpaka 15, limafungatira masiku 21, limaswa bwino ndithu, koma pofika miyezi iwiri limatsala ndi ana atatu kapena anayi. Ena watenga kabawi, ena khwangwala, ena likongwe, ena afa ndi mame ndi njala potsata mayi wawo kuthengo. Kuwasunga m'kakhola kolukidwa ndi nsungwi milungu isanu ndi umodzi yoyambirira kumasintha zinthu kwambiri. Madeya okha sakwanira kumanga thupi. Onjezani soya wokazinga ndi kusinja, zinyenyeswa za usipa, chiswe ndi masamba, ndipo madzi akhale m'chiwiya chosaya kuti asamiremo. Khola la zazikulu likhale lam'mwamba, lotchinga mvula koma lopita mphepo, losesedwa ndi kuwazidwa phulusa chifukwa cha utitiri. Udzu wa m'chisa utenthedwe thadzi likangoswa. Khola lilinso ndi phindu lina: nkhuku yogona mumtengo simungaigwire m'mamawa wa tsiku la katemera.

Ambiri amalakalaka nkhuku za Mikolongwe, zakuda zija zomwe dzina lake lenileni ndi Black Australorp, zochokera ku Australia, zimene boma lakhala likufalitsa kuchokera ku Mikolongwe ku Chiradzulu. N'zazikulu, zimaikira mazira ambiri, koma zimadyanso zambiri ndipo sizichenjera kuthawa kabawi ngati zachikuda. Chitopa nacho sichizisiya. Amene sanayambe kutemera asafulumire kugula mtundu.

Tsono tibwerere pansi pa mtengo wa mango paja. Chomwe chimasandutsa madzi a zipatso kukhala vinyo ndi yisiti, kamoyo kamene kamadya shuga n'kutulutsa mowa ndi mpweya. Louis Pasteur wa ku France anasonyeza, cha m'ma 1857, kuti kuwira kumeneku ndi ntchito ya tizamoyo. Azimayi ofulula masese ankagwira naye ntchito yisiti kalekale osamutchula dzina. Vuto n'lakuti pachipatso sipakhala yisiti yekha. Palinso mabakiteriya amene akapeza mpweya wa kunja amasandutsa mowa kukhala viniga, ndipo amene amawanyamula ndi tintchentche tating'ono touluka pa zipatso zowola. Luso lonse la vinyo lagona pa kupatsa yisiti malo ndi kumana enawo mpata.

Zipatso zake sizisowa: mango, magwafa, masuku, nanazi wa ku Mulanje, manachesi a ku Mwanza, malambe, bwemba, ngakhale chidede chomwe chimapatsa vinyo mtundu wofiira. Ku Karonga kuli magulu a amayi opanga vinyo wa nthochi zomwe zikanapsa n'kuwola. Sankhani zakupsa bwino koma zosawola. Mango ndi nthochi n'zotsekemera koma zilibe kuwawasa kokwanira, choncho zimafuna madzi a mandimu angapo. Malambe ndi bwemba n'zowawasa kale, zimalira shuga wochulukirapo.

Masamu ake ndi osavuta. Magalamu pafupifupi 17 a shuga pa lita imodzi amapereka 1 peresenti ya mowa. Vinyo wa 12 peresenti m'chigubu cha malita 20 amafuna shuga wokwana makilogalamu 4, kuphatikiza amene ali kale m'zipatso. Ndiye kwa mango okoma, makilogalamu atatu kapena atatu ndi theka ogula amakwana. Kuthira wambiri poganiza kuti vinyo alimba n'kungotaya ndalama, chifukwa mowa ukafika cha pa 14 peresenti yisiti amafooka n'kusiya ntchito, shuga wotsalayo amangokhala manyuchi.

Tsukani ndowa ndi madzi owira. Phwanyani zipatso makilogalamu 6 mpaka 8, thirani madzi owiritsa momwe mwasungunulamo shuga, dikirani azizire mpaka chala chisamve kutentha, kenaka ikani yisiti. Wa buledi amagwira, ngakhale amasiya kafungo ka mkate ndi vinyo wosayera bwino. Wopangira vinyo akapezeka ndiye wabwino. Vindikirani ndi nsalu yoyera yomanga ndi mphira, muzitakasa tsiku lililonse kwa masiku asanu kapena sabata. Mukatero sefani, thirani m'chigubu mpaka pafupi ndi khosi, boolani chitsekero, lowetsani kapaipi komata bwino, mbali inayo imire m'botolo la madzi. Mpweya wa yisiti umatuluka uku ukubwadamuka, wa kunja sulowa. Pakatha milungu itatu kapena inayi thovu limaleka. Kokani vinyo ndi kapaipi kupita m'chigubu china, nsenga zitsale pansi, ndipo mumusiye miyezi iwiri kapena itatu ayere. Wothira m'mabotolo akadawira amaphulitsa mabotolowo, ndipo magalasi ake amavulaza.

Yisiti amakonda kutentha kwa pakati pa madigiri 20 ndi 28. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kumene mu Novembala kumapitirira 40, chigubu chikhale m'chipinda chozizira, chokutidwa ndi chiguduli chonyowa. Ku Dedza mu Juni kuwira kumachedwa, musamutaye msanga. Chigubu chomwe munali mafuta a galimoto kapena mankhwala a mbewu musachiyese n'komwe, ngakhale mutachitsuka kangati.

Ntchito ziwirizi zimathandizana pang'ono, koma zisayandikane. Makoko ndi zotsala posefa mutha kuziyanika n'kusakaniza pang'ono ndi madeya, monga momwe ena amachitira ndi masese. Zachuku zokha ayi, poti chuku chimadwalitsa nkhuku. Zitosi zikawolerana zimabwerera kumitengo ya zipatso. Koma ndowa ya vinyo isakhale pafupi ndi khola, ndipo wochokera kosesa asambe m'manja asanagwire mthiko.

Vinyo wa pakhomo ndi wa akuluakulu, ana osakwana zaka 18 asapatsidwe. Wofuna kugulitsa ayambe wapita kukhonsolo kukatenga chiphaso, ndipo vinyo wake akayesedwe ku Malawi Bureau of Standards. Ngati m'thumba muli ndalama ya chinthu chimodzi chokha, shuga ayambe wadikira: mtengo wa makilogalamu anayi aja nthawi zambiri umakwana kutemera khola la pakhomo chaka chathunthu. Funsani kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu tsiku la katemera wotsatira.